Mmene mungapulumutsire tiana ta bakha m'masabata atatu oyamba

Bakha wamkulu ndi chiweto chopirira kwambiri. Chitopa chikalowa m'mudzi n'kusesa nkhuku khola ndi khola, abakha amatsala akuyendayenda pabwalo ngati kuti palibe chimene chachitika, ndipo n'chifukwa chake ambiri a ife kuno ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga mpaka kutsikira ku Moatize timakhulupirira kuti bakha amadzilera yekha. Chikhulupiriro chimenechi ndicho chimatha tiana take. Manthu amatha kuswa tiana 12 kapena 15, koma pomatha mwezi mwini wake n'kupeza kuti tatsala tinayi, ndipo pamenepo amathamangira kumsika kukafuna makapisozi, pamene chimene chinapha tinato ndi mame a m'mawa, madzi a m'beseni kapena madeya a chuku amene iye yemweyo anatipatsa. Matenda opatsirana alipo ndithu ndipo ndiwatchula, koma imfa zambiri za masabata atatu oyamba zimachokera ku kuzizidwa, ku madzi ndi ku chakudya, zinthu zimene mlimi angathe kuzikonza ndi manja ake asanawononge ndalama.

Tsiku loswa

Abakha ambiri a m'midzi mwathu ndi aja okhala ndi zofiira kumaso, osalira mokweza, amene mabuku amawatchula kuti Muscovy. Mazira awo amaswa pakatha masiku 35, pamene a abakha oyera olongolola aja, monga a mtundu wa Pekin, amaswa pa masiku 28. Kudziwa kusiyana kumeneku kumathandiza makamaka amene amaikira nkhuku mazira a bakha kuti iwafungatire, pakuti nkhuku inazolowera masiku 21, ndipo ina imatopa n'kuwasiya akadali ndi masabata awiri.

Kamwana ka bakha sikafulumira kutuluka m'dzira. Kuchokera pamene kaboola kachibowo koyamba mpaka kutulukiratu pamatha kupita tsiku lathunthu, nthawi zina masiku awiri, ndipo m'nthawi imeneyi kamakhala kakumeza mbali yachikasu ya dzira kudzera pamchombo, kwinaku mitsempha ya magazi ya m'chikamba ikuuma. Munthu akachita chifundo chofulumira n'kuyamba kusenda chikambacho, amang'amba mitsempha ija, kamwanako n'kutaya magazi kapena kutuluka mchombo usanatsekeke. Ngati patha masiku awiri chibowo chisakukula, mungathe kunyowetsa kachikopa koyera ka m'kati ndi madzi ofunda n'kumatsegula pang'onopang'ono kumbali yaikulu ya dzira, koma mukangoona kadontho ka magazi lekani pomwepo ndipo libwezereni pansi pa manthu.

Tikauma, titembenuzeni kamodzikamodzi muone mchombo. Wabwino umakhala wouma, wotsekeka, wobisika m'ubweya. Mchombo wonyowa, wofiira kapena wakuda, pamodzi ndi mimba yotupa yofewa ndi kafungo konunkha, ndi chizindikiro chakuti tizilombo talowa m'chikasu chija, ndipo tiana totere timafa kwambiri m'masiku 3 mpaka 7 oyamba. Vutoli limayambira m'chisa chauve. Bakha amaikira pansi, nthawi zambiri kuseri kwa nkhokwe kapena pangodya ya khitchini, ndipo mazira ake amapakika matope ndi zitosi mosavuta. Muziyala udzu wouma woyera asanayambe kukhalira, muzichotsa dzira lililonse losweka kapena losukusa, ndipo musatsuke mazira ndi madzi ozizira chifukwa kutero kumakokera uve m'kati kudzera m'timabowo ta chikamba. Mchombo wongonyowa pang'ono mungaupake kadontho ka ayodini. Ngati mimba yatupa kale, mwayi wopulumuka umakhala wochepa, ndipo kamwanako kayikidwe pakokha.

Kuzizidwa

Apa ndipo ndinaphunzirira movutika. Chaka china mu Julaye, kwathu kufupi ndi Ulongwe, bakha wanga anaswa tiana 14 tonse tamphamvu. Pa tsiku lachitatu ndinatsegula khola mbandakucha ndikupita kudimba, manthu n'kutsogolera ana ake m'udzu wa mame kulowera kudambo. Pobwera dzuwa litakwera ndinapeza tisanu tili gone m'kanjira, tonyowa ngati nsanza, miyendo itatambasukira kumbuyo, maso ali otseka, ndipo nditatitola tinali tozizira ngati mwala wa mumtsinje. Ndinkayesa kuti tonse tafa. Mayi anga aang'ono anatenga tiwiri timene tinkaphethirabe n'kutipukuta ndi chitenje, kenako anatilowetsa m'bulauzi mwawo pakhungu penipeni n'kukhala nato chapatali ndi moto. Patatha pafupifupi ola limodzi tinayamba kulira, ndipo tonse tiwiri tinakula.

Kamwana kongoswa kumene sikatha kusunga kutentha kwa thupi lake, ndipo ubweya wake ukanyowa kutenthako kumathawa m'mphindi zochepa. Sabata yoyamba kamafuna malo otentha pafupifupi madigiri 32, ndipo sabata iliyonse yotsatira mumachepetsako madigiri 3 kufikira atafanana ndi kunja. Kumapiri kuno usiku wa Juni ndi Julaye umatsika pansi pa madigiri 10, choncho manthu ndi ana ake atsekeredwe m'malo ouma, opanda chisisira, kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo ngakhale pambuyo pake asamatulutsidwe mame asanakamuke.

Ngati tilibe manthu, katoni yaikulu kapena dengu loyalamo udzu wouma zimakwanira masiku oyamba. Kumene kuli magetsi, babu lotentha lipachikidwe mbali imodzi kuti kamene katenthedwa kathe kuthawira mbali ina. Kumene kulibe, botolo la madzi otentha lokulunga m'nsanza limagwira ntchito ngati mukulisintha usiku, kapenanso mphika wadothi woikamo makala oyaka bwino, wovundikira ndi phale, woikidwa pa njerwa. Makala amatulutsa mpweya wakupha wosanunkha, motero chipindacho chisatsekedwe ponseponse, ndipo munthu asagonemo. Choyezera kutentha si chofunika kwenikweni, popeza tianato timanena tokha. Tikaunjikana pamodzi tikulira mosalekeza ndiye kuti tazizidwa, ndipo tapansi timatha kufa chifukwa chopsinjidwa. Tikathawira m'mbali titayasama kukamwa, tikupuma mwawefuwefu, ndiye kuti kwatenthetsa. Tikamwazikana, tina tikudya tina tikugona, zonse zili bwino.

Kwa amene ali kumunsi kwa Zambezi, mumzinda wa Tete, ku Moatize kapena ku Changara, nkhawa imatembenuka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala pamene masana amapitirira madigiri 40. Khola la malata nthawi imeneyo limasanduka uvuni, ndipo tiana tosiyidwa padzuwa popanda mthunzi timakomoka msanga. Kumeneko chofunika ndi mthunzi wa udzu, mphepo yodutsa ndi madzi ozizirira osinthidwa kangapo patsiku, ngakhale kuti usiku wa Juni kumafunikabe kofunditsa.

Kamwana kozizidwa musakayandikize pamoto mwadzidzidzi ndipo musakathire madzi kukamwa kakadali lobodo, chifukwa amalowera m'mapapo. Kakadzutsa mutu, viikani nsonga ya mlomo wake m'madzi ofunda osungunuliramo shuga, masupuni aakulu awiri pa lita imodzi, kameze kokha. Chakudya chibwere pambuyo.

Madzi

Zimamveka zachilendo kunena kuti mwana wa bakha amamira, koma amamiradi. Bakha wamkulu sanyowa chifukwa amadzola nthenga zake mafuta ochokera pa kachotupa kali pamwamba pa chipsepse, pamene tiana timangopakako pang'ono mafuta a manthu pogona pansi pake. Toswedwa ndi nkhuku kapena ndi makina tilibiretu chitetezo chimenechi. Beseni lotsukira mbale losiyidwa pabwalo, dzenje loumbira njerwa, ngalande ya pamjigo, zonsezi timalowamo mosavuta koma potuluka timalephera, ndipo timasambira mpaka ubweya utalema ndi madzi.

Komabe madzi akumwa sayenera kusowa ngakhale ola limodzi pamene chakudya chilipo. Bakha amatapa chakudya n'kuthamangira kumadzi kuti ameze, choncho ufa wouma wopanda madzi pafupi umatha kumutsamwa. Amafunanso kuviika mlomo wonse mpaka mphuno kuti atsuke timabowo ta mphuno ndi maso, ndipo tiana tongomwera m'kachiwiya kosaya timayamba kumata maso ndi manthongo. Njira imene ndaiona ikuthandiza ndi yotenga chigubu cha malita 5, kuchiboola m'mbali mabowo okwana mutu wokha, pa msinkhu wa chifuwa cha kamwanako, n'kuthiramo madzi olekeza m'munsi mwa mabowowo. Mutu umalowa, thupi limatsala kunja. Mbale yathyathyathya yodzazamo timiyala nayonso imathandiza masiku atatu oyamba. Chomweracho chikhale pa thabwa kapena pa sefa kutali ndi pogona, pakuti abakha amamwaza madzi kuposa nkhuku, ndipo zoyala zonyowa ndizo chiyambi cha mavuto ena onse. Kusambira momasuka kudikire mpaka nthenga zenizeni zitamera pamimba, pa masabata 5 kapena 6, ndipo ngakhale pamenepo maiwe okhala ndi milamba ikuluikulu kapena ng'azi apewedwe.

Chakudya ndi miyendo

Masiku awiri oyamba kamwana kamakhala kakudya chikasu chimene kanameza, choncho musade nkhawa kakamangojompha pang'ono. Kuyambira pamenepo kamakula mofulumira kwambiri, ndipo madeya okha sakwanira. Masabata awiri oyamba chakudya chikhale ndi zomanga thupi pafupifupi magawo 20 mpaka 22 pa 100 alionse, kenako zitsike kufika pa 16 mpaka 18. Amene angathe kugula chakudya chosakaniza kale, ração ya anapiye a nkhuku zanyama, imene m'masitolo timaidziwa kuti A1, ndi yoyenera. Ya nkhuku zoikira ayi, chifukwa ili ndi laimu wambiri amene amawononga impso za tiana. Wopanga yekha asakanize miyeso 6 ya mgaiwa, miyeso 3 ya soya wokazinga n'kugayitsa, ndi muyeso umodzi wa kapenta kapena usipa wosinja. Soya wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa chakudya kugayika m'mimba, motero akazingidwe mpaka atafiirira ndi kununkhira. Kapenta wa ku Cahora Bassa nthawi zambiri amaumitsidwa ndi mchere, ndipo mchere wambiri umapha tiana ta bakha, choncho muyambe mwamuviika m'madzi, kutaya madziwo, n'kumuyanikanso musanasinje. Chakudyacho muzichinyowetsa pang'ono kuti chizingogwirana, muzipereka chokwana kutha m'kanthawi kochepa kanayi kapena kasanu patsiku, ndipo chotsala chisagone, chifukwa chimasasa.

Vuto la miyendo limene alimi ambiri amalitcha kulumala limabwera m'njira ziwiri. Yoyamba imaoneka tsiku loyamba kapena lachiwiri: miyendo imatangadza, wina uku wina uko, kamwanako n'kumakwawa ndi chifuwa. Chimachititsa ndi pansi poterera, monga pa nyuzipepala, papulasitiki, pa simenti yosalala kapena m'beseni. Yalani thumba lachiguduli kapena chitenje chakale, ndipo kamene katangadza kale kamangeni. Tengani kansalu kofewa kopyapyala, mumange mwendo uliwonse pamwamba pa phazi mosathina, pakati pa miyendo pakhale mpata wofanana ndi mmene kamwana kabwino kamaimira, pafupifupi zala ziwiri. Muzimasula tsiku lililonse kuti muone ngati sipakutupa, ndipo muzikayang'anira pomwa madzi chifukwa komangidwa kamagwera m'chomwera mosavuta. Mukayamba msanga, masiku atatu kapena asanu amakwana.

Njira yachiwiri imayamba mochedwerapo, pa sabata yachiwiri kapena yachitatu. Kamwana kamene kankathamanga bwino kamayamba kuyenda pang'ono n'kukhala pansi, miyendo imapindika ngati uta, mfundo za m'maondo zimatupa. Uku ndi kusowa kwa niacin, vitamini amene abakha amamufuna wochuluka kuposa nkhuku. Chimanga chili naye, koma womangika mwakuti thupi silitha kumugwiritsa ntchito, ndipo n'chifukwa chomwechonso anthu odalira nsima yokha amadwala matenda osupula khungu aja a pellagra. Nsomba, chiswe, ziwala, nyongolotsi ndi masamba odula bwino monga bonongwe, chisoso ndi cham'mwamba zimathandiza, ndipo mavitamini a nkhuku osungunula m'madzi, ngati papaketi palembedwa niacin kapena nicotinamide, amabweza kamwana m'masiku ochepa mafupa asanakhote kotheratu. Tiana toyenda ndi manthu kutchire sitivutika kwambiri ndi zimenezi. Ndi totsekeredwa tija timene timadalira inu pa chilichonse, choncho amene watsekera chifukwa cha mame adziwe kuti wasenzanso udindo wofukula chiswe.

Chuku

Pa ziweto zonse za pakhomo, kamwana ka bakha ndi kamodzi mwa tosapirira kwambiri ku aflatoxin, poizoni wopangidwa ndi chuku chomera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino. Poizoniyu anadziwika mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri ankagwiritsa ntchito tiana ta bakha tatsiku limodzi poyesa ngati chakudya chili ndi poizoniyu, chifukwa timadwala ndi mlingo wochepetsetsa. Tsono taganizani zimene timachita pokolola: chimanga chabwino chimapita m'nkhokwe, chowola chija timati n'cha nkhuku ndi abakha, ndipo mtedza wonyala, wowawa, wosankhidwa palichero umaponyedwa pabwalo. Madeya ogula kuchigayo nawonso amakhala onyowa chifukwa chimanga amachithira madzi pokonola, ndipo akasungidwa m'thumba osayanika amatentha n'kuchita zibuma m'masiku awiri okha.

Tiana todya zotere timasiya kudya, sitikula, timayenda mwadzandidzandi, miyendo ndi mapazi nthawi zina zimada mofiirira, ndipo timafa tikuphupha mutu utapindikira kumsana. Mukang'amba mupeza chiwindi chotuwa kapena chachikasu. Kuphika kapena kukazinga sikuchotsa poizoniyu, ndipo palibe jakisoni womuchiza. Chokhacho chimene mungachite ndi kutaya chakudyacho n'kuyamba china chaukhondo. Madeya muziwanunkhiza ndi kuwafumbata m'manja musanagule, muziwayanika pamphasa tsiku lomwelo, ndipo thumba lizikhala pa thandala, losagunda khoma.

Chuku cha m'zoyala chimapha mwanjira ina. Udzu wovunda, makoko a mtedza kapena utuchi wonyowa zimatulutsa fumbi limene likalowa m'mapapo limamera momwemo, ndipo kamwana kamayamba kutambasula khosi, kuyasama n'kumapuma movutika koma popanda phokoso la chimfine. Mankhwala a maantibayotiki sathandiza pamenepa. Zoyala zichotsedwe zonse, pansi pawazidwe phulusa kapena laimu, paume, kenako payalidwe zatsopano.

Pamene alidi matenda opatsirana

Mukaona kuti kutentha kuli bwino, pogona ndi pouma, chakudya ndi chaukhondo, koma tiana tikufa tambiri motsatizana m'masiku awiri kapena atatu, ganizirani za matenda. Alipo a chiwindi oyambitsidwa ndi vairasi, ogwira kwambiri tosakwana masabata atatu makamaka ta abakha oyera, amene kamwana kamagwa cham'mbali, kupalasa miyendo n'kufa pasanathe ola, ndipo chiwindi chake chimakhala chotupa chamadonthomadontho a magazi. Alipo ena a bakiteriya wotchedwa Riemerella, obwera ndi misozi, mamina, zitosi zobiriwira zamadzi ndi kunjenjemera kwa mutu, kamwana n'kumagona chagada kakupalasa m'mwamba. Salmonella naye amatsegula m'mimba, zitosi n'kumatirira kumbuyo mpaka kutseka njira, ndipo amenewa amagwiranso anthu, choncho ana aang'ono asamapsompsone tiana kapena kudya asanasambe m'manja ndi sopo. Kumbuyo komatako kutsukidwe ndi kansalu konyowa ndi madzi ofunda, kupukutidwe n'kupakidwa kadontho ka mafuta ophikira, osazula mouma chifukwa khungu limang'ambika.

Matendawa amafanana zizindikiro, ndipo ena amamva mankhwala pamene ena samva, motero kutsegula kapisozi wa anthu n'kuthira m'madzi ndi kungoponya mwala mumdima, ndiponso kumalimbitsa tizilombo kuti mawa mankhwala omwewo alephere pa mwana wa munthu. Patulani todwala, musalole abakha kapena nkhuku zogula kumene kumsika kuyandikira tiana kwa masabata awiri, ndipo tengani kamodzi kongofa kumene, kokulunga m'pepala lapulasitiki, mupite nako kwa mlangizi wa ziweto ku ofesi yoona zaulimi yotchedwa SDAE ya m'boma lanu. Mukamufotokozere za nkhaniyo mwadongosolo: tinaswa liti, tinali tingati, tikudya chiyani, tinayamba kufa tsiku liti. Akakupatsani mankhwala, mlingo ndi masiku zitsatidwe mpaka kumapeto ngakhale tiana titaoneka kuti tachira.

Takufa tikwiriridwe mozama kapena kutenthedwa tsiku lomwelo. Nyama yowola yosiyidwa padambo imabala mphutsi zokhala ndi poizoni wolobodola khosi, ndipo bakha aliyense, wamkulu kapena wamng'ono, akazidya amalephera kudzutsa mutu mpaka kumira m'madzi osafika n'chala chomwe. Usiku khola litsekedwe bwino chifukwa cha makoswe, likongwe ndi linthumbu, phulusa lizunguliridwe m'mbali, ndipo bakha wamphongo agone kwina, popeza ena amajompha ndi kupondereza tiana mpaka kutipha. Pa sabata yachitatu yambani kutitulutsa dzuwa litakwera, kwa maola awiri kapena atatu, pamalo a udzu waufupi pafupi ndi chitsamba chothawiramo kabawi, ndipo muziwonjezera nthawiyo tsiku ndi tsiku, koma muzitilowetsa mitambo ya mvula ikangoyamba kuda chakumapiri.